Mkono Umene a Yunus Sanausainire

Achimwene anga a Yunus anali telala. Amene munasoketsapo kanzu ya pa Idi ku Mangochi kuno zaka za m'mbuyomu muyenera kuti munawaona. Ankakhala pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi msika, kuseri kwa makina akuda opalasa ndi mwendo, tepi ili m'khosi, magalasi atatsetserekera kunsonga kwa mphuno. Anali wamtali, wowonda, wolankhula motsitsa ngati pali mwana amene wangogona kumene. Ine ndine mlongo wawo, Ajira, wopondana nawo, ndipo abale amati pogawana za makolo athu iwo anatenga mtima, ine ndinatenga pakamwa. Sindikana. Nkhani yawoyi akanati aikambe okha ikanathera m'mphuno, ndiye ndiikamba ine.

Kwathu ndi ku Namwera, kumtunda. Bambo athu ankalima fodya ndipo ankafuna kuti mwana wawo wamwamuna adzalowe m'munda momwemo, koma achimwene ndi khasu sankamwerana madzi. Anakadziphatika kwa telala wina wokalamba wa pamsika, n'kuyamba ndi kusoka mabatani ndi kusita. Dzanja litakhwima anatsetsereka phiri kubwera kuboma kuno, komwe asodzi akapha usipa wambiri amafuna malaya atsopano tsiku lomwelo. Kuno n'komwe anaonana ndi Mwanabibi wa kwa Mponda, ndipo atakwatirana anakamanga nyumba pamudzi pa mkazi, monga amachitira mkamwini aliyense. Ine ndinawatsatira patapita zaka, nditakwatiwa ndi munthu wogulitsa mpunga mumsika womwewo.

Khalidwe lawo lodziwika linali limodzi, kufunsa. Munthu abwere ndi nsalu, amuyeze bwinobwino, koma asanagwire sizasi amufunsenso ngati akufunadi kolala yoima, ngati amayi kunyumba auvomereza mtundu umenewu, ngati sanenepa pofika Idi. Ena ankatopa nawo. Iwo ankangomwetulira n'kunena kuti safunsa anadya phula, ndipo nsalu ukaidula siibwerera. Ine ndinkawaseka kuti tsiku lina nyumba idzapsa iwo akufunsa kuti chidebe cha madzichi n'chandani. Ndinkanena mocheza.

Koma musawaone ngati munthu wamantha pa zonse. Kwathu kuno ana ndi a mbumba ya mayi awo. Bambo amabereka, amadyetsa, amaveka, koma nkhani yaikulu ikagwa, kaya ukwati, kaya maliro, kaya matenda ogoneka munthu pampeni, mawu otsiriza amakhala a malume. Mwana wanga woyamba atadwala m'mimba, madokotala n'kunena kuti kathumbo kena katupa, kachotsedwe msanga, amene anaitanidwa ndi achimwene, poti mwinimbumba wa ana anga anali iwo. Anafika ulusi uli pamalaya, anamva zimene dokotala ananena, anafunsa mafunso awo, n'kusaina pepala la opaleshoni osazengereza. Mwamuna wanga, bambo wobereka mwanayo, anangoima potero manja ali kumbuyo, ndipo palibe anaona chachilendo, ngakhale ine. Mwanayo anachira, lero ali ndi ana ake.

Kumudzi kwa akazi awo kunali kutachitika zina. Mkulu wake wa Mwanabibi, dzina lake Rahma, anavutika pobereka, ndipo mwamuna wake anasaina kuti amuchite opaleshoni osadikira abale a mkazi. Rahma sanadzuke, khandanso silinakhale. Madokotala anati anafika naye mochedwa, koma pamudzi panamveka mawu amodzi okha, akuti mkamwini wasainira mwana wa eni imfa. Sadaka itangotha anamuuza kuti apinde mphasa yake azipita. Amene anamuperekeza kudepoti atamunyamulira chikwama anali achimwene, poti ena onse anakana. Pobwerako, ndikudziwa kuti mumtima ankati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

A Yunus ndi Mwanabibi anabereka anyamata awiri, kenako mtsikana, Zakia, n'kulekera pomwepo. Uyu ndiye anali wapamtima wa bambo ake. Akaweruka kusukulu ankathamangira kukhonde kuja, n'kukhala pansi pa makina akutola tizidutswa ta nsalu tovekera zidole, pakamwa osatseka. Achimwene ankati watengera azakhali ake. Analinso wosakhazikika, wokwera mitengo kuposa alongo ake. Nyengo ina ya mango, ali mu Sitandade 3, nthambi inathyoka naye kuseri kwa madrasa, ndipo anagwa atatsogoza dzanja lamanja.

Pamene ndinkafika kuchipatala chigongono chinali chitatupa ngati papaya, mwana atalira mpaka mawu kutha. Woona za mafupa nthawi imeneyo anali a Macloud, bambo wamfupi wa ku Mulanje, wosapsa mtima msanga. Anatiitanira m'kachipinda momwe Zakia anagona, n'kukweza chithunzi cha mafupa pawindo kuti tonse tione.

“Bambo, taonani apa,” anatero a Macloud. “Fupa lathyokera pamwamba pa chigongono, ndipo nsonga zake zasemphana. Likanangong'aluka osasuntha, ndikanamanga chikhakha n'kukuuzani kuti muzipita, ndipo likanapola bwinobwino. Koma ili lachoka m'malo. Ndayesa kulikoka, silikukhazikika. Pakufunika opaleshoni. Amugoneke tulo, alibwezere pamalo pake, alibaye ndi timawaya kuti ligwire, likalumikizana adzatichotse. Zimenezo kuno sitichita, amachita ku Blantyre. Ambulansi ikunyamuka mawa m'mawa.”

“Nanga osapanga opaleshoniyo, adokotala?” anafunsa achimwene.

“Lilumikizana ndithu, fupa la mwana silichedwa. Koma lilumikizana mmene lililimu, ndipo vuto lake n'lomwelo, kuti silichedwa. Sindikunamizani, opaleshoni ili ndi zoopsa zake. Koma akanakhala wanga, ndikanamutumiza.”

Anaika pepala patebulo. Achimwene analiyang'ana, anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso.

“Adokotala, ndifunse kaye eni ake.”

“Eni ake ndani? Bambo ake si inu?”

“Ndine ndithu, koma amalume ake sanamve.”

A Macloud anatembenukira kwa Mwanabibi n'kumuuza kuti mayi nayenso angathe kusaina. Mlamu wangayo anakoka mpango n'kubisa nkhope. “Ine ndinasambitsa mtembo wa akulu anga ndi manja angawa,” anatero. “Musandifunse ine.”

Amalume ake a Zakia anali a Nasir, mlongo wa Mwanabibi, ndipo anali ku Joni, akugulitsa m'sitolo ya mwenye ku Durban. Achimwene anaimba foni tsiku lonselo, ikungolira osayankhidwa. Anawapeza mawa lake masana, ambulansi itapita kale. Ndinali pambali pawo, ndipo a Nasir ankalankhula mokweza moti ndinamva zonse.

“Alamu, ndamva, pepani. Koma mpeni ayi. Tinaika kale mmodzi pamudzipo, mwaiwala? Mwana wa a Sumani anathyoka mkono chaka chathachi, anangomanga chikhakha, pano akupalasa bwato. Awo amangofuna kuphunzirira pa ana athu. Mangani chikhakha, ine ndibwera pa Disembala, tidzaona, Inshaallah.”

“Alamu, akuti la uyu si lofanana ndi lija, lasemphana.”

“Ndati mpeni ayi. Mayunitsi akutha.”

Basi, mlandu wa mkono wa mwana unagamulidwa ndi munthu amene sanauone n'komwe mkonowo, ali chiimire kuseri kwa kauntala kudziko la eni. Ine ndinalalata pakhonde la chipatala mpaka anamwino anabwera kudzandiuza kuti odwala akufuna kupuma. Ndinawauza achimwene kuti ambulansi ina ikubweranso sabata yomweyo, asaine, zotsala tidzaziona. Ndinawauza kuti a Nasir sanagulepo ngakhale kope la mwanayu. Ndinawakumbutsa kuti kwa mwana wanga sanazengereze.

Anandisiya ndimalize, kenako anayankha motsitsa muja.

“Ajira, mwana wako ndinasaina chifukwa akanapanda kudzuka, woyankha ndinali ine, kwa iwe, mlongo wanga. Uyu akapanda kudzuka ndikaima pati pamudzi paja? Ndikawauza chiyani amayi ake? Ndipo tandiuza, tsiku lija amuna ako akanasaina okha ine osandiuza, iwe ukanati bwanji?”

Mwambo womwe unandithandiza ine ndi womwe unawamanga iwo manja. Komabe ndimati analakwa, ndipo ndinawauza ali moyo. Mwambo unalipo, inde, koma mwana anali chigonere pamaso pawo, osati pamaso pa a Nasir.

A Macloud anabweranso kudzawanyengerera, kenako anagwa mphwayi n'kuchita zimene akanatha. Mkonowo anaukoka n'kuupachika pachingwe masabata angapo kuti kutupa kuphwe ndi kuti fupa liyandikirane, pambuyo pake anamanga chikhakha. Achimwene anatseka makina nthawi yonseyo, akugona pasimenti panja pa wodi, akumubweretsera Zakia mabisiketi ndi fanta ngati kuti fupa limawongoka ndi shuga. Ambulansi zinapita n'kubwera. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pofika nthawi yoti munthu angasinthe maganizo, a Macloud anati fupa lagwirana kale.

Tsiku lochotsa chikhakha mkono unatuluka wowonda, wotuwa, ndipo kuyambira pachigongono unapotokera mkati ngati mpini wopindika. Kutambasula unkatambasuka. Kupinda ndiye unkangofika pakati n'kuima. A Macloud anati azichita mafizo olimbitsa mkonowo, mwina ufewa. Unafewa pang'ono, koma pomwe fupa linatsekereza panatsekeka.

Chimene sindiiwala ndi chakudya choyamba atatuluka. Mwanabibi anaphika mpunga ndi nkhuku, tinakhala pamphasa azimayi tonse ndi ana. Zakia anasamba m'manja, anati Bisimila, anatapa mpunga ndi dzanja lamanja monga anaphunzitsidwira, n'kulikweza. Dzanja linaima m'malere, patali ndi pakamwa. Anayesanso. Anakhotetsa khosi kulitsatira, mpunga n'kumwazikira pachitenje. Ndiye anasintha, natapa ndi lamanzere. Agogo ake, amayi a Mwanabibi, anamumenya kadzanja kaja pang'ono mwachizolowezi, n'kunena kuti kumanzere sitidyera, n'kwa kuchimbudzi. Atangotero anazindikira okha zimene anena. Achimwene anali pakhomo akuona. Anatembenuka n'kupita, ndipo tsiku limenelo sanadye.

A Nasir anabweradi pa Disembala, ndi wailesi yaikulu, mabulangete ndi nsapato zosongoka. Anaugwira mkono wa mwana, anautembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti zonse ndi Mulungu, chachikulu ali moyo. Anamupatsa chidole chotsinzina, ndipo Januwale asanathe anali atabwerera ku Joni. Palibe anawauza kuti apinde mphasa. Palibe ngakhale anawafunsa kuti nanga kuona kuja munkati tidzaona n'kumeneku? Ine ndinafuna kufunsa, koma pamudzi pa eni ndinali mlendo kuposa achimwene, ndipo anandipempha kuti ndisawaonjezere moto. Zimandiwawa mpaka lero kuti wokana anayenda mutu uli m'mwamba, wofunsa ndiye anasenza mtolo.

Zakia anakula, poti mwana sadikira kuti akulu amalize kudandaula. Anaphunzira kudya atawerama kwambiri, ndipo pakakhala alendo ankadyera kukhitchini. Kulemba ankalemba bwino. Ndowa ya madzi ankaitwika mothandizidwa n'kuigwiriza ndi dzanja limodzi. Kumanga mpango, kusamba kumaso asanaswali, kuluka tsitsi, zonse anazipezera njira yake. Anzake kusukulu anamupatsa dzina loipa limene sindilitchula pano, ndipo mmodzi anabwerera kwawo mlomo utatupa, poti lamanzere lija linali litaphunzira ntchito zambiri.

Koma kukhonde kuja anasiya kupita. Sanawachitepo mwano bambo ake, ayi. Ankawagwadira powapatsa madzi, ankawayankha mwaulemu, ndipo ulemu umenewo ndi umene unkawapha achimwene. Mwana amene kale ankawalongolola mpaka makasitomala kuseka, tsopano ankangoti “inde, Ababa,” “ayi, Ababa.” Chaka chilichonse Idi ikayandikira ankamuitana kuti amuyeze diresi. Ndinawaonapo akuyendetsa tepi kuchokera paphewa, ikafika pachigongono paja n'kuima kaye, iwo maso ali patepi, mwana maso ali kumsewu. Manja a madiresi ake ankawasoka otakasuka, a mapinda, mwaluso loti azimayi ena anayamba kufuna sitayilo yomweyo osadziwa chimene inkabisa.

Zaka zinapita, ntchito ya utelala n'kumazilala. Kaunjika anadzaza msika, makanzu anayamba kubwera osokasoka kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo achimwene anatsala ndi mayunifolomu a sukulu, mazipi ndi zigamba. Maso anayamba kuchita chifunga moti ulusi ankawalowetsera pasingano ndi anthu odutsa. Sanasinthe khalidwe, kufunsa kunali komweko, koma nthabwala zinawathera. Munthu akabwera pakhondepo atamanga chikhakha, kaya wamkulu kaya mwana, ankasiya kupalasa n'kumufunsa kuti lathyokera pati, lasemphana kapena ayi, madokotala ati chiyani. Akamva kuti akuti opaleshoni, ankangoti, “Pitani. Musachedwe.” Anthu ankadabwa kuti telala zamafupa wazidziwira kuti.

Zakia anamaliza Folomu 4, anatsegula kabenchi kotumizira ndalama pafoni, ndipo anapeza mwamuna wa ku Nkopola, wophika pa loji ina, mnyamata wofatsa amene mkonowo sanauwerengere. Za chinkhoswe anayendetsa a Nasir, amene tsopano anali atabwerako ku Joni ndi shuga ndi mimba yaikulu. Koma pa nikaha, pomanga ukwati mumzikiti, shehe sanafunse za malume. Anafunsa kuti bambo a mkwatibwi ali kuti, poti m'chipembedzo wopereka mwana wamkazi ndi bambo ake. Achimwene anasuntha n'kukhala kutsogolo, anafunsidwa ngati akuvomera, ndipo anavomera pamaso pa anthu onse. Madzulo ake anabwera kwathu, anakhala pampando nthawi yaitali tiyi akuzizira.

“Ajira,” anatero, “kani pamaso pa Mulungu mwini wake ndinali ine nthawi yonseyi?”

Ndinafuna kuwauza kuti zimenezo ndinanena kalekale pakhonde la chipatala, koma nditaona nkhope yawo ndinangowathirira tiyi wina.

Kuchokera pamenepo china chinawalowa. Chaka chotsatira, Zakia ali ndi khanda lamiyezi yochepa, kumzikiti analengeza kuti kuchipatala kubwera madokotala a mafupa ochokera ku Blantyre, kudzaona anthu amene anathyoka kale n'kupola mokhota. Achimwene sanafunse a Nasir. Sanafunse Mwanabibi. Ngakhale ine sanandifunse, anangondiuza kuti ndivale ndiwaperekeze. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuwaona atadula okha nkhani ya mwana wawo, ndipo ndinasangalala ngati chitsiru. Tinakwera minibasi mpaka ku Nkopola, tinamupeza Zakia pabenchi pake, ndipo bambo ake anamuuza kuti Lachiwiri akufuna apite naye kuchipatala. Anawayang'ana, anayang'ana ine, n'kunena kuti, “Chabwino, Ababa.”

Lachiwirilo achimwene anavala kanzu yoyera ndi kofiya yatsopano ngati akupita ku Idi. Pamzere panali anthu ambiri, ena a ndodo, ena a miyendo yokhota, ndipo tinalowa dzuwa litapendeka. Dokotala anali mayi wachitsikana, a Mtisunge, mwina wamkulu pang'ono kwa Zakia. Anajambulitsa mkono, anaupinda, anautambasula, anamuuza kuti afinye zala zake. Kenako anafotokoza mosabisa.

“Fupali linapola kalekale, ndipo ndi lolimba. Chimene tingachite ndi kulidulanso dala, kuliwongola, n'kulimanga ndi kachitsulo mkati. Kuwongoka liwongoka, maonekedwe asintha. Kupinda mwina kuonjezekera pang'ono, koma kuti dzanja lidzafika pakamwa sindingalonjeze, chifukwa mfundoyi inakula ili chomwechi. Ali mwana zikanakhala zosavuta. Pano ndi opaleshoni yaikulu, ndipo kwa miyezi ingapo sadzanyamula kanthu kolemera, ngakhale khandali.”

Achimwene sanadikire kuti amalize bwino. Anasendeza mpando, natambasula dzanja.

“Bweretsani pepalalo, adokotala. Ndisaina ine. Ndine bambo ake.”

Mawu amenewo anawanena mokweza, moti namwino amene anali pakhomo anacheuka. A Mtisunge anamwetulira mwaulemu, osadziwa kuti munthuyu wayenda zaka zingati kuti afike pa mawu amenewa.

“Bambo, mwana wanuyu ndi wamkulu. Wosaina ndi mwini wake.”

Dzanja la achimwene linatsala patebulo. Tonse tinayang'ana Zakia. Iye anafunsa mafunso ake modekha, ngati bambo ake ndithu. Anafunsa ngati zala zingafe dzanzi, anafunsa kuti agona masiku ochuluka bwanji, anafunsa ngati angayamwitse. Atamva mayankho anakonza mwana kumsana, anathokoza dokotala, n'kunena kuti sakufuna.

Tinatuluka n'kukaima pamthunzi pafupi ndi geti, pomwe amayi amagulitsa nthochi. Ine pakamwa panali patayamba kale kuyabwa, koma Zakia ananditsogolera.

“Ababa, musakhumudwe. Mkonowu ine ndinauzolowera. Ndimachapa nawo, ndimagwira nawo ntchito, mwanayu ndimamunyamula nawo. Ndiusiye mwana wa miyezi, nditseke benchi, ndikagone pampeni kuti anthu aziti wawongoka? Amene simunauzolowere ndinu.”

“Ndimafuna ndikonze, mwanangu,” anatero achimwene. “Ndisanafe ndikonze.”

“Ndikudziwa. Koma nthawi imene ndinkafuna kuti munene kuti ndine wanu inali ija. Ndinali maso pabedi paja, Ababa, ndinkamva zonse. Sindikusungirani chakukhosi, Mulungu ndi mboni. Kungoti pano palibe choti musaine.”

Sanalire, sanakweze mawu. Anawagulira nthochi bambo ake, anatikweza minibasi, iye n'kukwera ina ya ku Nkopola. M'njira monse achimwene anagwira nthochi zija pamiyendo osadya. Ndinamumvera chisoni mwanayo, ndinawamvera chisoni achimwene, ndipo ndinakwiya osadziwa kuti ndikwiyire ndani, poti aliyense anali atanena zoona.

Kuchokera apo, achimwene anakhalapo pakhonde la sitolo paja miyezi yochepa chabe. Tsiku lina m'mawa anagwa akutsegula makina, ndipo kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatuluka mbali yamanja yonse itafooka, kulankhula kukuvuta, dzanja limene linasoka makanzu a theka la Mangochi lili lende. Mwanabibi nayenso anali atayamba kudwaladwala, anyamata aja ali ku Joni, ine ndili ndi msika. Amene anatseka benchi yake n'kubwera kwa Mponda ndi mwana kumsana kudzawasamala anali Zakia. Palibe anamutuma.

Ndinapita kukawaona Lachisanu lina, kutatsala masabata ochepa kuti atisiye. Ndinawapeza atawatsamiritsa kukhoma pakhonde, Zakia atagwada patsogolo pawo ndi mbale ya phala. Anatapa ndi supuni, dzanja lamanja, n'kutambasula mkono wokhota uja mpaka pakamwa pa bambo ake. Kumeneko unkafika bwinobwino. Achimwene anauyang'ana mkonowo ukubwera, anatembenuza nkhope, n'kuyamba kulimbana ndi lilime lawo lolemera. Tinavutika kumva, koma ankaloza ndi maso dzanja lina la mwana wawo. Ankapempha kuti awadyetse ndi lamanzere, kuti asauone.

Zakia sanasinthe dzanja. Anadikira, supuni ili m'malere, mpaka bambo ake anatembenukanso.

“Kumanzere sitidyetsera munthu, Ababa,” anatero. “Yasamulani.”

Anayasamula, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo anadya phala lonse mpaka mbale inayera.